Ndinabisa chilonda cha pamutu pa apongozi

Ndinakhala chete chaka chathunthu pa nkhani yofunika kukuwa, ndipo lero apongozi anga aamuna ali gone m'chipatala ku Lilongwe. Inu owerenga, ulemu wanga ndi umene wawafikitsa kumeneko.

Ndine wometa tsitsi pa Nsaru, ndipo ndili pachikamwini. Apongoziwo savula chipewa pagulu, choncho ndinkawametera kuseri kwa chigafa cha fodya, tili awiriwiri. Tsiku lina lezala inakhudza kachotupa kolimba paliwombo, magazi n'kutuluka. Iwo anati ndi njerewere chabe. Ndinapakapo sipiriti n'kupitiriza.

Mwezi ndi mwezi kankakula, mpaka kanasanduka chilonda chosapola, chonunkha. Nditatchula za chipatala, maso ali pansi, anandidula pakamwa.

"Fodya ali m'munda, ndani akagone kuchipatala? Izi zithere pompano, mwana wanga asamve."

Ine wolongolola msika wonse uja ndinangoti chabwino bambo. Mkamwini angatsutse apongozi? Ndinaphunzira kumeta molambalala chilondacho, mwaluso ndithu, ndikudziona ngati munthu wosunga mwambo.

Kenako kunatuluka mwanabele kuseri kwa khutu, wina m'khosi, olimba ngati miyala. Apongozi aakazi ankathowa ndi madzi otentha, osadziwa kuti gwero lili pansi pa chipewa. Ine ndinkangoonerera.

Apongozi aamuna atayamba kuwonda, mkazi wanga anawakakamiza kupita kuchipatala, ine n'kuperekeza. Adokotala atawavula chipewa, mkazi wanga anagwira pakamwa. Atafunsidwa kuti chilondacho chinayamba liti, apongozi anati mwezi watha, n'kundiponyera diso. Ndinati, "Pepani bambo, chatha chaka."

Mkazi wanga sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Ndiye inu munkawameta mukuchiona, eti?"

Atapima kanyama kamene anadula pachilondapo, madokotala anapeza kuti ndi khansa ya pakhungu ya mtundu wosowa, ndipo yafalikira kale m'khosi. Tikudikira opaleshoni. Adokotala sakulonjeza kanthu, ndipo foni ikangolira ndimadzidzimuka.

Inu ometa, inu oluka tsitsi, mumaona pamene mwini mutu saona. Chotupa chikamakula, chilonda chikakana kupola, mwanabele akauma osaphwa, nenani msanga, ngakhale mutuwo ukhale wa apongozi. Ine ndinaopa kuwakwiyitsa. Akwiye, bola akhale moyo.