Boti la Mkamwini wa ku Phalula

Amuna anga anali a ku Phalula, kumene madzi amawadziwira mumtsuko basi. Ine kwathu ndi kumpoto kwa Chilwa, ulendo wa m'mawa umodzi kuchokera ku Nselema, ndipo kwathu mwana amayamba kudziwa fungo la matemba asanadziwe nkhope ya bambo ake. Atandikwatira anabwera kudzakhala pamudzi pathu ngati mkamwini. Tinabereka ana awiri, kenako anapita ku Joni kukakumba pansi. Anapitako kawiri. Ulendo wachiwiriwo anabwerako ndi njinga, sutikesi yachitsulo, chipewa, majombo, ndi chifuwa chimene chinkandidzutsa mbandakucha tambala asanaganize zolira.

Chifuwacho ndinkachiopa. Ndinali nditaona amuna ena a m'mudzi mwathu amene anabwerera kumigodi kachitatu, ndipo onse tinawaika akadali ndi tsitsi lakuda. Ndinalumbira mumtima kuti wangayu sapitanso. Koma kwathu mkamwini wosapha nsomba amakhala mlendo mpaka imvi, ndipo achimwene anga aakulu, eni mbumba yathu, sankalola kuti aiwale. Akamachokera kunyanja ankaponya nsomba ziwiri za makumba pakhomo pathu n'kufuula kuti mudzi wonse umve:

"Alamu, ndiwo izo! Musavutike n'kuzipalira, zakula zokha."

Amuna anga ankaseka nawo, koma nsombazo ankazimeza ngati mankhwala. Tsiku lina anandiitana n'kundiuza zimene anaganiza.

"Mayi, ndigula boti. Likandikana, ndibwerera ku Joni. Sindingakhale pano n'kumadyetsedwa ndi alamu anga ngati mwana wamasiye."

Kuyambira tsiku limenelo botilo ndinalifuna ine kuposa mwini wake.

Tsiku lokasankha ndinadziitana ndekha, ndikunamizira kuti ndikukagula matemba. Achimwene anatiperekeza. Kudoko kunali mmisiri wina wachikulire wokhoma maboti amatabwa, ndipo anali nawo awiri ogulitsa. Loyamba linali pamtunda, pamwamba pa zipika, lopaka penti yobiriwira yowala. Munthu amene analiitanitsa sanabwere kudzalitenga, choncho linakhala padzuwa nyengo yonse yokolola. Lachiwiri linali m'madzi, lomira mpaka m'milomo, muli miyala, ndere ndi mbululu zikusewera momasuka.

Amuna anga lachiwirilo sanaliyang'ane n'komwe. Analunjika lapamtunda n'kuyamba kulizungulira monga ankachitira ndi ng'ombe pamsika wa ku Balaka. Analigogoda m'nthiti. Anaima kumbuyo kwake n'kutsinzina diso limodzi. Analisisita pamimba. Likanakhala ndi pakamwa akanaliyasamitsa kuti aone mano.

Mmisiri uja anali munthu woona mtima, ndipo kuona mtima kwakeko n'kumene kunationongera zinthu.

"Bwana, lenileni ndi ilo lili m'madzilo," anatero. "Ili lapamtundali nalonso ndi labwino, koma lili ndi ludzu."

Amuna anga anamwetulira ngati munthu amene wagwira wakuba. Ku Joni anaphunzira kuti wogulitsa amayamba kukukankhira katundu woola.

"Madala, mukufuna kundigulitsa maliro? Boti lamira kale ndisanalipire n'komwe!"

Ndinawakokera pambali n'kuwanong'oneza kuti mmisiriyo analimiza dala. Thabwa likamwa madzi limafufuma, mipata yonse n'kutsekeka, pamene louma limadontha ngati dengu. Ngakhale mwana wa kwathu amadziwa zimenezi. Anandimvetsera mpaka kumaliza, chifukwa anali munthu waulemu, kenako anati:

"Mayi, inu kaguleni matemba anu aja. Ine ndagwirapo ntchito ndi makina aakulu kuposa tchalitchi."

Ndinatembenukira kwa achimwene. Anali atakhala pachipika akutafuna udzu, maso akuvina.

"Achimwene, auzeni alamu anu!"

"Iyayi, chemwali," anayankha. "Alamu aona Joni. Ife taona chiyani? Matope."

Tinagula lobiriwira. Ngakhale pamenepo zinthu zikanakhoza kukonzeka, botilo likanangoponyedwa m'madzi tsiku lomwelo. Koma ukonde unali usanafike, ndipo munthu wa ku Phalula sangasiye chuma chake panja kuti chinyowe. Anabwereka ngolo n'kulikokera kunyumba. Analimangira chisakasa pafupi ndi pamene ankaimika njinga, n'kulifolera bwino kuposa khitchini yanga. Inali nyengo yotentha ija imene nthaka imang'ambika. M'mawa uliwonse ankalipukuta ndi kansalu. Nkhuku zanga zinalikonda kwambiri, moti imodzi inaikiramo mazira. Mipata ya pakati pa matabwa inakula mpaka ukagona pansi pake unkaona dzuwa, koma eni ake ankati imeneyo ndi mizere ya penti.

Ndinayesa kulithira madzi otsukira mbale mwakabisira. Anandipezerera.

"Mayi, mukufuna kundioletsera boti?"

Ndinawasiya. Safunsa anadya phula, koma wathuyu anali wofunsa n'kukana yankho.

Ukonde utafika, mudzi wonse unatiperekeza kumadzi ngati tikukapereka mkwatibwi. Amuna anga anavala chipewa ndi majombo a kumigodi. Achimwene anadzipereka kuti akankha ndiwo, ndi nsungwi yaitali imene timayendetsera mabwato, chifukwa Chilwa si yakuya. Analowa kanjira ka m'mabango, ife tikuimba pamtunda. Sanapite patali. Tinaona amuna anga awerama, kenako avula chipewa n'kuyamba kukapa nacho madzi.

"Alamu, mesi! Mesi!" achimwene anafuula m'Chiyao, ngati kuti madziwo amuna anga sakuwaona okha.

Boti silinagubuduke ayi. Linangokhala pansi pang'onopang'ono, mwaulemu wake, mpaka linakafika pamatope. Amuna anga, amene sankadziwa kusambira, anagwada n'kukumbatira thabwa lokhalapo, madzi ali m'khosi, akuitana Amayi Maria ndi oyera mtima onse amene ankawakumbukira. Achimwene anali ataima pambali pawo atatsamira nsungwi.

"Alamu," anatero mofatsa, "taimirirani."

Anaimirira. Madzi anawalekeza m'chiuno.

Anthu anaseka mpaka ena kugwa pansi. Inenso ndinaseka, sindinama, mpaka misozi. Kenako anatuluka m'madzimo, majombo akulira, n'kudutsa pakati pathu osayang'ana munthu, ndipo nditaona nkhope yawo kuseka kunandithera pomwepo. Ndinachita mantha. Atafika kunyumba anatsitsa sutikesi yachitsulo ija n'kuyamba kupinda malaya.

"Mawa ndikakwera basi ku Nselema," anatero. "Za boti musanditchulirenso."

Akuluakulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Wanga anali akuterereka ndikumuona. Kulira sikukanathandiza, kufotokoza ndinali nditayesa kale. Komatu ine ndinkadziwa chinthu chimodzi: boti lija, pamene analisiya m'matopemo, linali likuchita chimene linkafuna kuyambira kalekale. Linali likumwa. Linkangofunika masiku, ndipo masikuwo ndinayenera kuwapeza ndine.

Nthawi imeneyo munthu sunkakwera basi kapena kulowa mumsika wopanda khadi la chipani. Pakhomo la basi pankaima anyamata a malaya ofiira, ena oti unawaona ali ndi mamina dzana lomweli, n'kumafunsa akuluakulu ngati ana. Amuna anga khadi lawo ankalisunga m'thumba la jekete. Atapita kukasamba matope aja ndinalitenga, ndinathamangira kunyumba kwa amayi anga, n'kulilowetsa pansi pa mphasa yawo.

"N'chiyani chimenecho?" amayi anafunsa.

"Ndi mkamwini wanu."

Amayi anandiyang'ana, ananunkhiza fodya wawo, n'kusunthira pamene panali khadipo. Pamudzi ponse panalibe malo otetezeka kuposa amenewo, chifukwa mkamwini salowa m'nyumba ya apongozi ake aakazi. Akakumana nawo panjira amapatukira kutchire, ndiye angayerekeze bwanji kuwauza kuti tanyamukani ndione pamene mwakhala?

M'mawa mwake kunali chipwirikiti. Anakhuthula sutikesi. Anagwedeza majombo. Anakwera m'nkhokwe, anasuzumira m'khola la nkhuku, anayang'anitsitsa mbuzi yathu ngati ivomera mlandu. Ine ndinawathandiza kufunafuna ndi mtima wonse, moti malo ena ndinkawakumbutsa ndine.

"Abambo, bwanji osangogula lina kwa anyamatawo?" ndinafunsa kuti ndimve maganizo awo.

"La chaka chino ndinagula kale," anayankha motsitsa mawu, chifukwa masiku amenewo ngakhale zipupa zinkapita kumisonkhano. "Kawiri ayi. Lili m'nyumba momwe muno."

Tsiku lotsatira anafika mpaka pabwalo la amayi. Ananjuta chapatali, n'kuwomba m'manja akuyang'ana kumbali.

"Amayi, kapena ana anabweretsa kapepala kuno?"

"Iyayi, bambo," amayi anayankha ali m'kati. "Ine ndi mapepala tidziwana kuti? Sindiwerenga."

Patapita masiku angapo ndinalawirira kwa achimwene. Ndinawapeza akusoka ukonde, ndipo atangondiona anayambanso kuseka za "taimirirani" uja. Ine sindinaseke.

"Mwaseka, mwakhuta," ndinatero. "Munthuyu akapita ku Joni, adzabwera m'bokosi kapena adzabwera kudzafera pano. Ana awiriwa ndi mbumba yanu. Mudzawalera ndinu, mudzawaveka ndinu, ndipo akadzafunsa kuti bambo awo anathawa chiyani ndidzawalozera kuno."

Achimwene anaika ukonde pansi. Anali munthu wachipongwe koma sanali woipa mtima, ndipo ndikuganiza kuti mpaka nthawi imeneyo ankayesa kuti alamu awo akungonyanyala. Anatenga zidebe ziwiri n'kutsogola.

Botilo tinalipeza pomwe linakhala. Tinalipendeketsa, tinakapa madzi mpaka msana kuwawa, ndipo linayamba kudzuka lokha. Nditapukuta pansi pake ndi chitenje changa tinadikira. Panatuluka kadontho kumbuyo kokha, achimwene n'kutsekapo ndi kansanza. Kwina konse kunali gwa. Penti yobiriwira ija inali itayamba kusupuka, ndere zitamera m'mbali, mbululu zitasamukiramo. Linali lonyansa ndendende ngati lija analikana kudoko.

Achimwene anapita okha kukatenga amuna anga, ndipo ndinamva zimene ananena chifukwa ndinkawatsatira.

"Alamu, bwato langa lang'ambika. Ndibwerekeni boti lanu, ndipo mundiperekeze, chifukwa sindikwera chinthu cha mwini mwini wake palibe."

Bwato lawo linali lolimba ngati mwala, koma bodza limenelo Mulungu anawakhululukira. Amuna anga ankayesa chipongwe china, komabe anabwera, nkhope ili gwa, kuti nkhaniyo ithe. Atafika anaima nthawi yaitali akuyang'ana boti lawo likuyandama. Anavula majombo, anakwera, anagwada n'kupapasa pansi ndi chikhatho, thabwa ndi thabwa. Anayang'ana chikhathocho. Chinali chouma.

"Ndinkadziwa ine," anatero potsiriza, "kuti ndinasankha bwino."

"Inde, abambo," ndinayankha. Achimwene anatsokomola kwambiri n'kuyang'ana kumapiri.

Khadi linapezeka madzulo ake m'thumba lomwe lija la jekete, litapindika pakati, likununkha fodya wa amayi. Amuna anga analitembenuza, analinunkhiza, n'kulibwezera m'thumba. Anaphunzira kukankha ndi nsungwi, atagwera m'madzi kangapo, ndipo tsiku limene anapha nsomba zooneka anakasiya zazikulu pakhomo pa amayi, n'kupita kukaponya makumba awiri pakhomo pa achimwene akufuula kuti, "Alamu, ndiwo izo!" Chisakasa chija ndinachilanda n'kukhala khitchini. Sutikesi tinkasungiramo ukonde.

Chifuwa sichinawasiye. Chinawatenga ndithu, koma chinachedwa, chinawapeza ali ndi imvi ndi zidzukulu, pamphasa ya m'nyumba mwathu. Masana ena m'masiku awo omaliza, ndikuwamwetsa phala, anandigwira dzanja.

"Mayi, khadi lija linali pansi pa mphasa ya amayi, eti?"

Ndinavomera. Panalibenso choopa.

"Ndinadziwa tsiku lomwe ndinakanjuta pabwalo paja," anatero. "Munthu amene ankayendayenda mudzi wonse, mwadzidzidzi osachoka pamalo amodzi ngati nkhuku yofungatira."

"Nanga bwanji simunangogula lina? Ndalama ya khadi munali nayo."

Anapuma kaye, chifukwa mpweya unali utayamba kuwavuta.

"Ndinali nditanena pamaso panu kuti ndipita," anatero. "Ndiye ndinkadikira kuti wina andiletse."

Ndinawapukuta pakamwa n'kuwauza kuti amalize phala lisanazizire.