Kavalo wa pakati pa mafumu

Ndinadzuka kusanache, ngakhale sindinganene kuti ndinagona. Amayi a kutchalitchi anali ngundangunda pabalaza, ena pamasitepe, poti nyumba za ku Sheffield kuno sanamangire maliro. Nyimbo tinaleka msanga poopa aneba. Amuna anga, bambo a Tadala, anali atakhala kumochale masabata atatu, ndipo ine misozi inali itauma. Chotsala chinali kutopa basi.

Kukhitchini ndinapeza alamu anga, achemwali awo a malemuwo, amene amasamalira okalamba ku Bolton. Ankatsuka mpunga. Sanandiyang'ane, nanenso sindinawayang'ane. Tinakhala choncho zaka khumi ndi chimodzi, kuyambira pamene ananena kuti ndine ndinakokera mchimwene wawo kuno, mayi awo n'kumwalira osamuona. Chilichonse chinkadzera mwa bambo a Tadala, ngakhale kupempha mchere. Zoti aikidwe konkuno anasankha okha, koma mlandu unagweranso ine. Ndinkadziwa kuti alamuwo akakwera sitima mawa lake tisanalankhulane, sadzapondanso pakhomo pano, ndipo Tadala adzakula wopanda azakhali. Koma mphamvu zoyambitsa nkhani ndinalibe, ndipo kunena zoona, mtima wanga ndi wouma.

Anthu anayamba kufika mvula ikuwaza. A ku Rotherham ena anabwera ndi yunifomu mkati mwa majasi, akuchokera kuntchito ya usiku. Anzathu a ku Zambia anabweretsa nkhuku. Kenako panafika nkhalamba zisanu za ku China, zitavala zakuda, n'kuima pakhomo mwaulemu mpaka wina anazilowetsa.

Awa anali anzawo a malemu pa tchesi ya ku China. Anaiphunzira kwa agogo ena a ku China amene amuna angawo ankawasamalira titangofika kumene, ndipo inawalowa m'magazi. Loweruka lililonse la mpikisano ankalawirira ku Manchester kapena ku Leeds, wotchi yowerengera nthawi ili m'chikwama, n'kubwera madzulo chimanjamanja. Ndikafunsa chikho, yankho linali lakuti alepherana. Ine ndinkawaseka kuti bola akanamasewera bawo.

Kumanda kunali pachitunda, mphepo yake yolowa m'mafupa. Galimoto ya maliro inkayenda pang'onopang'ono, mabasi akutidutsa. Dzenje anali atakumbiratu ndi makina, dothi ataliphimba ndi kapeti wobiriwira. Tadala anaima pakati pa ine ndi azakhali ake atagwira ambulera, ndipo tonse awiri tinanyowa phewa limodzi. Abusa anafupikitsa mawu chifukwa maliro ena ankadikira.

Kuholo ya tchalitchi, anthu akudya, mmodzi wa nkhalamba zija anakhala pafupi nane. Anatulutsa m'thumba kathabwa kozungulira ngati chitsekerero cha botolo, kolembedwa chilembo chofiira, n'kunena kuti ameneyo ndi kavalo. Ankalankhula Chingerezi pang'onopang'ono. Anati pamasewero awo mafumu awiri saloledwa kuyang'anizana pamzere umodzi popanda kanthu pakati. Kamene kaima pakatipo sikangasunthe, ngakhale kataona mpata wakudya. Akatswiri amaikapo msilikali wamba, kapena amasuntha mfumu n'kumasula njira, kuti kavalo awoloke mtsinje wa pakati pa bolodi akavutitse mdani. Koma amuna anga ankaikapo kavalo weniweniyo, n'kumusiya pomwepo mpaka nthawi kutha. Palibe ankawagonjetsa msanga, koma nawonso sankapambana. Anzawo anawalangiza kambirimbiri, iwo n'kumangoseka, amvekere anazolowera.

Nkhalambayo inkangofotokoza za tchesi, siinkadziwa za m'nyumba mwathu. Ndinalandira kavaloyo ndi manja awiri. Nditakweza maso ndinaona alamu ali chilili kumbuyo kwake, chikombe chogawira mpunga chili m'manja. Anali atamva zonse.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika, poti ambiri mawa lake kunali ntchito. Tinabweza mipando ya kutchalitchi. Tadala ndinamufunsa ngati adye, anangoti "I'm fine, Mum," n'kukwera kuchipinda kwake.

Tinatsala awiri patebulo la kukhitchini, alamu uko, ine uku, mpando wa bambo a Tadala uli wokankhira mkati. Ndinaika kavalo uja pakati pa tebulo, sindikudziwa chifukwa chake. Alamu anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamutenga n'kukamuika pawindo. Anatereka ketulo, n'kutsitsa makapu awiri.

"Mayi a Tadala," anatero, akundiyang'ana m'maso, "tiyi mumathira shuga angati?"

Zaka zonsezi sankadziwa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti awiri, koma chimene chinatuluka ndi kulira kumene kunandikana kumanda kuja.