Tindevu Tiwiri Titatu

Dzulo wometa tsitsi pamsika wa Rufunsa anandipaka sipiriti pachibwano, ndipo fungo lake linandibwezera pabwalo la mpira la ku Mpanshya.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu. Kunabwera bambo wina wochokera ku Lusaka kudzasankha anyamata osakwana zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, oti akayesedwe m'timu yolimbirana malo pampikisano wa dziko lonse lapansi. Kadi langa lakusikelo linali litadyedwa ndi chiswe, choncho zaka zanga zinayenera kuonekera pankhope. Amalume, poopa tindevu tiwiri titatu tomwe ndinali nato, anandimeta ndi lezala m'mawa womwewo. Ananditema pang'ono, nandipaka sipiriti.

Tinaima pamzere, dzuwa likuwotcha. Bamboyo ankasisita chibwano cha aliyense ndi chala. Atafika pa ine, chalacho chinaima pachilonda.

"Mwana sameta ndevu, iwe. Wakumeta ndani?"

Ndinayang'ana amalume kuseri kwa golo. Iwo anawerama n'kuyamba kukonza tcheni cha njinga yawo, chomwe chinali bwinobwino. Bamboyo anadikira pang'ono. Kenaka chala chija chinachoka pachibwano changa n'kuloza kunja kwa mzere.