Olemera Alipire Zambiri

Chikwangwani chimene chidatsala pang'ono kundithetsera banja ndidachilemba ndekha, pa katoni ya sopo. Nthawi imeneyo ndinkatchova kabaza pa Balaka, ndikugona m'kachipinda ka lendi, koma Loweruka lililonse ndinkapita kwa Kalembo kumene ndidakwatira chikamwini. Nyumba ndidamanga ine, koma dothi la pansi pake, munda ndi mtengo wa mango, zonse zinali za apongozi anga aakazi.

Chaka chimenecho zinthu zidakwera mtengo mpaka tayala la njinga tinkalisoka ngati nsapato. Pa wayilesi ankangokangana za kukweza msonkho wa anthu olemera, ndiye tcheyamani wa siteji yathu, munthu wokonda kumva mawu ake omwe, adalamula kuti nafenso tichite zionetsero. Ine sindidazikonde. Anzangawo ndinkawadziwa bwino: aliyense ankatukwana olemera m'mawa, masana n'kumafunsa mtengo wa njinga yamoto. Koma poti sitandade eyiti ndidamaliza ndine ndekha, adandipatsa katoni ndi penti yotsala. Ndidalemba zilembo zikuluzikulu: OLEMERA ALIPIRE ZAMBIRI.

Tidayenda kuchokera ku siteshoni ya sitima mpaka kumsika, tikuliza mabelu a njinga. Olemerawo sadatione n'komwe, amadutsa m'magalimoto atatseka magalasi. Amayi ena adapatuka pamsewu n'kugwada, kuyesa tanyamula maliro. Pofika masana njala idatibalalitsa, ndipo katoni ija tidaikhomera pa mtengo wa pa siteji.

M'mawa mwake tcheyamani adati boma lili kutali, msonkhowo tiuyambe ifeyo: wolemera akakwera njinga azilipira kawiri. Vuto lidali kumudziwa wolemerayo. Wina adati tiziona nsapato, wina foni, wina adati tizinunkhiza perefyumu. Pamenepo mkulu wina amene adakalambira pa chishalo adalavula chotokosera m'mano.

"Inu ana, mukuvutikiranji? Njinga sinama iyayi. Munthu wolemera umamumva m'miyendomu ukafika pa chitunda."

Tonse tidaomba m'manja. Ine ndidadziwa kuti kulemera kwa pa wayilesi ndi kwa m'thumba, uku akunenaku ndi kwa pa sikelo, koma miyendo yanga idagwirizana nawo mkuluyo.

Amene adapindula ndi lamulo lathu adali bambo wina wa malole atatu ndi magolosale mpaka ku Liwonde. Bamboyo adali wowonda ngati bango, ukamunyamula umacheuka kuona ngati sadagwe. Ankawerenga chikwangwani chija, kuseka, kulipira mtengo wamba, chenji n'kudikira. Amene ankalira adali amayi a mandasi, anamwino ndi abusa ena ake amene mpingo unkawadyetsa bwino koma osawalipira.

Tsiku lina Lachinayi ndidanyamula munthu wopita kutali. Ndili komweko, apongozi anga adatsika minibasi pa Balaka, akupita kukaona wodwala. Apongozi angawo ndi mayi wathupi, Mulungu sadawamane. Mnzanga amene adawanyamula adafika nawo thukuta lili kamukamu, n'kutchula mtengo wowirikiza. Atafunsa chifukwa, adabwerera nawo pa siteji kukawaonetsa katoni.

"Ndani walemba zamwanozi?"

"Mayi, walemba ndi munthu wophunzira, wokwatira kwa Kalembo. Mwina mukumudziwa."

Apongozi adazindikira kuti ndi ine, adalipira n'kumapita. Nkhaniyi ndidaimva madzulo. Ndidachita mantha enieni, chifukwa mkamwini akamuthamangitsa amachoka ndi bulangete lokha, malata amatsala.

Loweruka ndidafika kumudzi nditanyamula shuga mapaketi awiri. Mkazi wanga adalandira shugayo osandiyang'ana. Kwathuko mkamwini ndi apongozi aakazi sayankhulana maso ndi maso, ndiye mlandu udazengedwa chonchi: iwo adakhala pakhonde atandifulatira, ine kuseri kwa nkhokwe, mkazi wanga pakati ngati foni.

"Uwafunse bambo a kwanuwo," adatero apongozi, "akuti ine ndine wolemera. Malole anga ali kuti?"

"Akuti malole awo ali kuti," adabwereza mkazi wanga, ngati sindidamve.

Ndidayesa kufotokoza za wayilesi, za msonkho, za mawu amodzi okhala ndi matanthauzo awiri. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha kuti ndikumira.

"Uwauze kuti ngati ndili wolemera, chuma changa ndi dothi limene agonapolo. Olemera amatenga zawo akafuna. Koma ayambe andiperekeza kuchigayo, tione ngati njinga yawoyo sinamadi."

Anthu adatuluka m'nyumba kudzaona zachilendo, mkamwini atakweza apongozi ake. Apongoziwo adakhala cham'mbali pa kaliyala, thumba la chimanga pamiyendo, nkhope atalozetsa kutchire kuti mwambo usasweke. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, ndidatchova. Pa chigwa zidayenda. Titayamba chitunda cha kuchigayo tcheni chidalira, maso adachita mdima, koma kutsika kuti ndikankhe sindikadayerekeza, kukadakhala kuvomera mlandu.

Pakati pa chitundacho apongozi adayamba kuyankhula ndi mbuzi imene inkadya m'mbali mwa njira.

"Iwe mbuzi, ukawauze a zikwangwani. Ine ndili mtsikana ndinali wopepuka, mphepo inkanditenga. Thupili lidabwera ndi ana asanu ndi awiri. Mmodzi mwa anawo adamutenga ulere, sadapereke ngakhale nkhuku, ndidawaonjezera ndi munda. Msonkho wa zimenezo adalipira kwa yani?"

Ndidachita manyazi amene sindidawamvepo chibadwire. Pa siteji yonse ija, munthu amene adalandira zambiri osalipira kanthu ndidali ine, mlembi wa chikwangwani. Ndidaimirira pa mapedulo, ndidatchova mpaka pakhomo pa chigayo osaponda pansi.

Adatsika, adakonza chitenje, adamasula mfundo ya pa nsonga yake n'kuika ndalama pa chishalo, mtengo wowirikiza. Ine ndidayang'ana mbuzi ina imene idali pamenepo.

"Uwauze amayi kuti njingayi yanama. Sindidamve kulemera kulikonse."

Adatola ndalama zawo n'kumanganso pa chitenje.

"Uwauze adikire. Pobwerera pali ufa ndi madeya."