Chingwe cha Tisungeni

A Laimoni a ku Nsambe anali mlimi wa mbatatesi ngati anzawo onse a kumapiri a Neno, munthu wamfupi, wa zikhatho zokhakhala ngati khungwa la msuku. Chomwe chinkawasiyanitsa ndi anzawo chinali m'thumba la jekete: tizingwe ta khonje topota okha. Sankachoka pakhomo opanda tizingweto.

Gwero lake linali mlongo wawo Stelia, yemwe ankadwala khunyu, matenda akugwa aja. Tsiku lina m'mawa, a Laimoni ndevu zikungomera kumene, Stelia anagwera pamafuwa akukazinga chimanga. Masiku amenewo anthu ankati ukakhudza thovu la munthu wakugwa, nawenso uyamba kugwa. A Laimoni anangoima pakhomo, kudikira kuti mlongo wawo atsitsimuke yekha. Pomwe ankatsitsimuka n'kuti mkono utapsa mpaka m'chigongono. Akuluakulu atauona anapukusa mitu, nati wakhunyu akapsa ndi moto sachiranso, ngakhale mankhwala achokere kuti. Motero palibe anamutengera kuchipatala. Patatha zaka zinayi Stelia anagwera m'madzi akuchapa kumtsinje, anzake n'kumupeza atazizira kale.

A Laimoni anakwatira, anabereka, anamera imvi, koma dzina la Stelia silinkatuluka pakamwa pawo.

Atakalamba ndithu, kuderako kunabwera anthu ofufuza za matenda a ubongo pamodzi ndi azaumoyo. Pamsonkhano anafotokoza kuti khunyu ndi vuto la mu ubongo, silipatsirana, ndipo mankhwala ake alipo. A Laimoni anaimika dzanja.

"Nanga amene anapsa kale ndi moto?"

"Moto umatentha khungu, bambo," anayankha namwino. "Mankhwala amamugwira chimodzimodzi ndi wina aliyense."

Tsiku limenelo a Laimoni anapita kumunda, koma khasu silinagunde pansi. Sabata yotsatira anasonkhanitsa anzawo asanu ndi awiri a kutchalitchi n'kuyambitsa kalabu, dzina lake Tisathawe. Ankaperekeza odwala kuchipatala cha Nsambe pa tsiku lolandira mankhwala, kulambula njira yodutsa machila, komanso kuthandiza ofufuza aja, omwe ankafuna kudziwa kuti wodwala aliyense akugwa kangati pamwezi. Poyamba ofufuzawo anagawa mapepala oti anthu azichonga. Ena ananyowa ndi mvula, ambiri anathera kupichirira fodya. Apo m'pamene a Laimoni anaganiza za khonje: chingwe chimodzi mwezi umodzi, wodwala akagwa, wachibale amange mfundo imodzi.

Chaka chachitatu cha kalabuyo kunagwa maliro m'mudzi woyandikana nawo. Dzuwa lili paliwombo, amayi akutereka phala la thobwa kuseri kwa siwa, kunamveka mfuu. Tisungeni, mayi wa mwana mmodzi yemwe mwamuna anamuthawa chifukwa cha matenda omwewa, anali atagwa, dzanja lili pachikuni choyaka. Amayi onse anabalalika, ena atatseka mphuno ndi nsalu.

A Laimoni anali atakhala ndi amuna anzawo patsinde pa mtengo. Bondo lawo linali lovuta kale, koma tsikulo analiiwala. Anafika, anamugwira Tisungeni m'khwapa, namukokera kutali ndi moto. Anamugoneka cham'mbali, napinda jekete lawo kukhala mtsamiro. Mayi wina anabwera ndi supuni ali patali, akuti amuike m'kamwa.

"Supuniyo kavundulireni thobwa, mayi. Ndipatseni madzi ozizira!"

Anathira madziwo padzanja lopsalo, kenako anapukuta thovu pakamwa pa Tisungeni ndi chikhatho chawo, anthu onse akuona.

Mawa lake anapita kwa a Jimu, atsibweni ake a Tisungeni, eni mbumba. Popanda mawu a a Jimu Tisungeni sakanapita kulikonse. Anawapeza akuluka khola la mbuzi.

"A Laimoni, zikomo munamuchotsa pamoto," anatero a Jimu osasiya ntchito. "Koma za kuchipatalazo ayi. Wapsa basi. Inu ndi ine tinakulira limodzi, mukudziwa. Mukufuna mwanayu azikatha mapazi m'mapirimu pachabe?"

"Kodi amagwa kangati?"

"Sabata siitha. Nthawi zina kawiri."

A Laimoni anatulutsa tizingwe titatu.

"Ndibwerekeni mwanayu miyezi itatu. Wokamuperekeza ndine. Koma mfundo muzimanga ndinu, osati ine, kuti musadzati Laimoni wabera."

"Inu bwanji? Thovu lija munaligwira ndi manja. Mukayamba kugwa adzakumangirani mfundo ndani?"

"Ndinu nomwe. Chachinayi ichi, n'changa."

A Jimu anaseka mpaka kutsokomola, koma mutu anapukusabe. Pamenepo a Laimoni anakhala pansi pafumbi, nanena zomwe anali asananenepo kwa munthu.

"Achimwene, Stelia mukumukumbukira. Tsiku limene anapsa ine ndinali pakhomo, ndikuona. Sindinamugwire. Atapsa tonse tinati sachiranso, tinamusiya. Uyu sindimusiya. Mukakana lero, mawa mundipeza pano."

A Jimu anasiya kuluka khola lija. Kenako anatambasula dzanja natenga tizingwe tonse tinayi.

Anayamba ulendo wa ku Nsambe, a Laimoni kutsogolo ndi ndodo, Tisungeni pambuyo, mwana ali kumbuyo. Kuchipatalako bala anamutsuka, mankhwala analandira. Mwezi woyamba a Jimu anabweza chingwe chili ndi mfundo zitatu.

"Mwaona? Akugwabe."

"Munati sabata siitha. Apa sabata ina yatha. Tiyeni nazo."

Mwezi wachiwiri mvula inagumula mlatho wamitengo, ndipo a kalabu anazungulira njira yakumtunda, ulendo wa tsiku lathunthu, kuti mankhwala asadukize. Chingwe cha mwezi umenewo chinabwera ndi mfundo imodzi.

Kutha kwa mwezi wachitatu a Laimoni anali kumunda akukumba mbatatesi pomwe anaona a Jimu akukwera chitunda. Atafika anaponya tizingwe tiwiri pamzere. Tonse tinali tosalala, topanda mfundo ndi imodzi yomwe.

"Ichi cha mwana uja. Ichi chanu. Ndakhala ndikudikira kuti mugwe, koma ndinu nkhalamba yokanika."

"Changacho kamangireni mbuzi," anatero a Laimoni.

Cha Tisungeni anachitola, nachisasa dothi, nachiika m'thumba kuti akapereke kwa ofufuza.

"Mankhwala asasiye, achimwene. Akasiya, mfundo zibwerera."

"Ndamva. Mwezi wamawa ndikamuperekeza ndekha, bondo lanulo lipume." A Jimu anakanda m'mutu. "Eti, muli nacho china chingwe? Kutsidya kuli mpongozi wanga, naye amagwa. Anapsa mwendo chaka chatha."

A Laimoni anapisa dzanja m'thumba la jekete.