Gwape wa Mkazi Wanga ndi Dothi la ku Kasanda

Anthuni, izi sindinachite kumva kwa munthu ayi, zinachitika pakhomo panga penipeni ku Kasanda, m'masiku a chipani chimodzi aja, mgodi wa mtovu wa kumeneko ukadali kufuka utsi.

Nditamaliza ku yunivesite ndinalowa ntchito yoteteza nyama zakuthengo, ndipo bambo anga, amene anakalambira mumgodi, ankandiseka kuti sukulu yonse ija ndangophunzira kulera ndiwo. Tsiku lina ndinabwera kunyumba ndi kamwana ka gwape kamene make anafera pamsampha. Mkazi wanga, amene anali ndi mimba yoyamba, anakalandira ngati mlendo, ankakamwetsa mkaka wa m'botolo, n'kumati akuphunzirirapo kulera. Ndikawapeza awiriwo pakhonde, mtima wanga unkakhala m'malo.

Patapita miyezi itatu kagwape kaja kanayamba kunjenjemera, kuzungulira pamalo amodzi, kugunda zipupa ngati sikakuona, mpaka kanafera pamiyendo pa mkazi wanga. Anansi anati ndi ufiti. Ine ndi sukulu yangayo ndinakatengera kwa mnzanga, dokotala wa ziweto, ndipo atakapima anandiuza kuti kafa ndi poizoni wa mtovu wa mumgodi, chifukwa kankanyambita dothi lapabwalo. Kenaka anandifunsa ngati kunyumba kuli munthu amene amadya dothi.

Mtima unangoti myuu! Kodi ndi mayi woyembekezera uti amene salakalaka dothi la pachulu? Nanga amene ankamutapira mkazi wanga dothi pachulu cha kuseri kwathu, pafupi ndi mulu wa zotaya za mgodi, anali ndani? Ine ndemwe, tsiku ndi tsiku, monyadira kuti ndine mwamuna wachikondi.

Njinga ndinaipalasa ngati wamisala. Ndinamupeza pakhonde akutafuna, ndinamumenya dzanja dothi lija n'kumwazika, ine amene ndinali ndisanamulozepo n'chala chomwe. Kenaka ndinagwada pamapazi pake misozi ili chuchuchu, n'kumuuza zimene ananena dokotala uja. M'mawa mwake ndinamukweza basi ya ku Petauke, akakhale kwa amayi ake.

Mwana wathu wamkazi anabadwa wamoyo, koma anachedwa kulankhula ndipo sukulu inamuvuta kwambiri. Atakula ndinamuuza zonse, iye anangondigwira dzanja n'kunena kuti ndinkangofuna kusangalatsa amake. Ine ndimakhulupirira kuti miyezi yotsala ija amake akanapitiriza kudya dothilo, mwanayu tikanamuika m'manda. Ndiye abale anga, chiweto chikafa modabwitsa pakhomo, musathamangire kuloza mfiti. Yambani mwafunsa chimene chinadya, chifukwa ana anu akuseweranso pabwalo lomwelo.