Mayi wa ku Chinsapo pa benchi ya kusikelo

Ndinali ndi pathupi poyamba, tikukhala m'nyumba ya lendi ku Biwi, pamene anamwino anatiuza kuti aliyense wobwera kusikelo aziyezetsa magazi. Zaka zimenezo maliro anali tsiku ndi tsiku. Nthambi zodziwitsa maliro zisanafote pamsewu, ena anali atathyola kale zina. Nditawauza amuna anga, anangoti, "Pita, poti atero ndi achipatala," maso ali pa nsapato imene ankapukuta.

Pa benchi ndinakhala moyandikana ndi mayi wina wamtali, mimba yake yoposa yanga, pamiyendo ali ndi kamtsikana kongoyamba kuyankhula. Anandiuza kuti amakhala ku Chinsapo.

"Mtunda wonsewo? Kufupi ndi kwanu kulibe sikelo?" ndinafunsa.

"Iliko. Koma kuno palibe wondidziwa."

Ataona kuti ndikungopotokola nsonga ya chitenje, anaseka. "Musaope, asisi. Amapukuta chala ndi thonje la sipiriti, n'kubaya kamodzi ngati munga. Amafinya timadontho, basi. Chowawa si singano, ndi kudikira."

Zinachitikadi momwemo. Namwino anagwira chala changa chapakati, anapukuta, anabaya, magazi n'kutuluka ngati kamkanda kofiira. Anawadonthezera pa kapepala koyezera, anandipatsa thonje kuti ndipanikize, n'kundiuza kuti ndikadikire panja. Pa benchi paja tinali amayi ambiri, aliyense atagwira chala chake, koma kunali zii. Ngakhale amayi ogulitsa nthochi pageti ankaitana malonda motsitsa mawu.

Pa awirife, woyamba kuitanidwa anali mnzanga uja. "Ndigwirireni mwanayu," anatero, n'kulowa. Ena ankalowa n'kutuluka msanga, koma iye anakhalitsa. Kamtsikana kaja kanalira pang'ono, kenako kanagona mutu uli pamimba panga. Wam'mimba anagunda, iko sikanadzuke.

Mayi uja atatuluka ankamwetulira. Sindinamufunse kanthu, pakuti pa benchi paja sitinkafunsana. Anaika mwana kumsana, koma zala zake zinakanika kumanga mfundo ya chitenje. Anayesa, anayesanso. Ndinaimirira n'kumumangira ndine, ndipo ndinamva mtima wake ukugunda pansi pa dzanja langa.

"Zikomo pondisungira," anatero.

Nthawi yomweyo anandiitana. Namwino anati kachilombo sanakapeze, kungoti magazi anali ochepa. Anandipatsa mapiritsi n'kundilangiza kuti ndizidya masamba ambiri. Ndinatuluka ndikufuna wina woti ndimuuze. Mayi uja anali atapita.

Mwana wanga atayamba kukhala pansi, ndinapita ku Chinsapo kukaona azakhali. Ndikudutsa pamsika, ndinamva wina akukoka chitenje changa. Kanali kamtsikana kaja, katakulako, tsitsi losapesa. Pambali pake panali bambo wina amene ankakhoma mbaula ndi zidebe.

"Pepani amayi," anatero bamboyo, akukachotsa. "Masiku ano akungogwira mayi aliyense wodutsa."

"Amayi ake ali kuti?"

Anaika hamala pansi. "Tinaika m'dzinja lapitali. Khanda linatsatira. Munkawadziwa?"

"Tinakumana kamodzi, kusikelo. Tsiku loyezetsa magazi."

Anandiyang'ana. Kolala ya malaya ake inali yaikulu kuposa khosi.

"Ndiye anayezetsa?" Mawu ake anatsika. "Ine sanandiuze. Ankangoti ndi malungo. Achipatalawo anawauza chiyani?"

"Sindikudziwa, bambo. Ine ndinatsala panja ndi mwanayu."

"Koma potuluka ankaoneka bwanji?"

Ndinaganiza za zala zija. Ndinati, "Ankamwetulira," poti zinalinso zoona.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anafunsa ngati zimapweteka, ngati amatenga magazi ambiri, ngati mwamuna angapite yekha popanda mkazi. Ndinamuyankha zonse ndili chiimire padzuwa, mwana wanga akulemera kumsana. Anamvetsera mpaka pamapeto, anathokoza, n'kutolanso hamala yake.

Sindikudziwa ngati anapita. Nditabwereranso kwa azakhali chimanga chitacha, pamalo paja panali mayi wogulitsa makala. Ndinamufunsa za bambo wa mbaula ndi kamtsikana kake. Anati iye wayamba kumene kukhala pamenepo, ndipo anapeza palibe munthu.